Tifunseni Tikuyankheni: Sukulu ya Atsogoleri a Akasinja

Makalata a mwezi uno achokera ku Chigwa cha Shire, ndipo onse akufunsa za akasinja, magalimoto ankhondo aja oyenda pa matcheni ngati katapila.

Ndinamva kuti ku America kuli gulu la asilikali lomwe ntchito yake n'kuphunzitsa maofesala a akasinja basi, koma dzina lake ndi la asilikali apakavalo. Kavalo ndi kasinja zikukhudzana pati? (Wophunzira wa Fomu 4, Ngabu)

Munamva zoona, achimwene. Gululo ndi 2nd Squadron, 16th Cavalry Regiment, ndipo mawu oti cavalry amatanthauzadi asilikali okwera pa akavalo. Rejimenti imeneyi inakhazikitsidwa mu 1916 ku Fort Sam Houston, m'chigawo cha Texas, akavalo akadali miyendo ya asilikali. Chaka chomwecho, pa 15 September, Angerezi anatulutsa akasinja koyamba pa nkhondo ya ku Somme, ku France. Anali zimakina zolemera, zoyenda ngati nkhono, ndipo ambiri anafera m'njira asanafike pomwe panali adani.

Ntchito ya msilikali wapakavalo inali kutsogola kukazonda, kutchinga m'mbali mwa anzake oyenda pansi, ndi kuthamangira pomwe mdani wafooka. Mfuti zolavula zipolopolo motsatizana zitabwera, kavalo analibenso mwayi. Ntchito ija inatsala, chinasintha ndi chokwera. N'chifukwa chake mayina akale sanatayidwe: gulu lomwe asilikali oyenda pansi amati battalion, awa amati squadron, ndipo company amati troop.

Sukulu yeniyeni inadza mu 1940. Dziko la Germany litagonjetsa France m'masabata asanu ndi limodzi okha pogwiritsa ntchito akasinja oyenda m'magulu akuluakulu, America inadzidzimuka. Mu July chaka chimenecho inakhazikitsa nthambi ya akasinja pansi pa mkulu wa asilikali Adna Chaffee, ndipo patapita miyezi yochepa sukulu inatsegulidwa ku Fort Knox, ku Kentucky. Inakhala kumeneko zaka 70. Pofika 2011 inali itasamukira ku Fort Benning, ku Georgia, komwe kunali kale sukulu ya asilikali oyenda pansi. Anaziika pamodzi dala: kasinja wolowa m'tauni kapena m'nkhalango popanda asilikali apansi omuyang'anira m'mbali amaphedwa ndi munthu mmodzi wobisala ndi roketi paphewa.

Mayiko ena ali ndi sukulu zawo. Angerezi amaphunzitsira ku Bovington n'kumawombera ku Lulworth, Afalansa ku Saumur, ndipo South Africa ili ndi School of Armour ku Tempe, mumzinda wa Bloemfontein.

Ine ndimayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe. Kuyendetsa makina si nkhani ya miyezi. Nanga maofesalawo amatha nthawi yonseyo akuphunzira chiyani? (Bambo wa ku Nchalo)

Bambo, ofesala saphunzira kuti akhale dalaivala. Madalaivala ndi owombera wamba ali ndi gulu lawo lowaphunzitsa pamalo omwewo, 194th Armored Brigade. Wobwera ku 16th Cavalry amakhala atapatsidwa kale udindo wa second lieutenant, womwe ndi woyambira wa maofesala, ndipo maphunziro ake a masabata pafupifupi 19 amamukonzekeretsa kutsogolera pulatuni.

Tiyambe ndi kawerengedwe kake. Kasinja wa M1 Abrams amakhala ndi anthu anayi: mtsogoleri, wowombera, wolonga zipolopolo mumzinga, ndi woyendetsa, yemwe amakhala yekha kutsogolo atagona chagada pang'ono. Pulatuni ndi akasinja anayi, anthu 16. Akasinja awiri amayenda ndi ofesala, awiri enawo ndi sajeni wa pulatuni, yemwe nthawi zambiri amakhala atagwira ntchitoyi zaka zoposa khumi. Mapulatuni atatu kuphatikiza akasinja awiri a kaputeni ndi wachiwiri wake amapanga kampani ya akasinja 14. Sukulu nayo imagawa ophunzira chimodzimodzi, m'mapulatuni, ndipo udindo umazungulira: lero ndiwe mtsogoleri, mawa ukulonga zipolopolo mnzako akukulamula. Aphunzitsi ndi makaputeni ndi masajeni omwe anagwirapo kale ntchitoyi.

Gawo loyamba ndi la mapu, kampasi, wailesi ya mauthenga ndi kalembedwe ka malamulo. Lamulo lililonse lili ndi magawo asanu: momwe zinthu zilili, ntchito yomwe yaperekedwa, kachitidwe kake, zofunika monga mafuta ndi zipolopolo, kenako wolamula ndi njira zolumikizirana. Pali lamulo la nthawi lomwe ophunzira ambiri amagwa nalo. Ukapatsidwa maola asanu ndi limodzi okonzekera, iwe tenga awiri okha, anayiwo siyira anthu ako. Wophunzira wofuna kukometsa pulani amadya maola asanu, ndipo anthu ake amanyamuka asanathire mafuta kapena kuyesa mawailesi.

Gawo lachiwiri ndi kuwombera. Amayambira pa makina oyeserera a kompyuta, kenako kumalo owomberako. Mzinga wa Abrams ndi wa mamilimita 120, ndipo kasinja amanyamula zipolopolo pafupifupi 40, chilichonse cholemera makilogalamu oposa 15. Zimakhala kuseri kwa chitseko chachitsulo chomwe wolonga amatsegula pokankha batani ndi bondo, kuti manja onse akhale pa chipolopolo. Chitsekocho chikatsekeka, moto ukabuka umaphulikira kumwamba kunja, osati mwa anthu. Mawu olamulira amanenedwa mwa dongosolo limodzi losasintha: mtsogoleri aitana wowombera, atchula mtundu wa chipolopolo ndi chomwe waona, wowombera avomera kuti wachiona, wolonga afuula kuti walonga ndipo wachoka kumbuyo kwa mzinga, ndipamene lamulo lowombera limaperekedwa. Wolonga akapanda kuchoka, thako la mzinga pobwerera mmbuyo limatha kumuthyola mkono.

Chomwe chimasowetsa anthu ambiri chandamale si dzanja lonjenjemera ayi. Ndi kusagwirizanitsa galasi loonera ndi pakamwa pa mzinga asanayambe. Ndipo ngakhale atagwirizanitsa m'mawa, dzuwa likawomba mbali imodzi ya mzinga, chitsulo chimapindika pang'ono kwambiri, diso osaona, koma pa mtunda wa makilomita awiri chipolopolo chimadutsa pambali. Pa kutentha kwa ku Nchalo mu October, ntchito yoyezanso imeneyi ingamachitike kangapo pa tsiku.

Gawo lomaliza ndi masiku angapo kutchire, kugona pang'ono, mapulatuni akulimbana okhaokha.

Koma mwa inu oyendetsa mathirakitala muli nzeru yomwe sukuluyi imaumirira kwambiri: kuyendera makina musanalize, muli paulendo, ndiponso mutafika. Ife timati ofesala wosadziwa kugwira sipanala ndi wokwera chabe.

Madzi atasefukira mu 2015 komanso nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, asilikali anabwera ndi maboti ndi ndege. Bwanji sanabwere ndi akasinja, poti amati amadutsa paliponse? (Mayi wa ku Bangula)

Mayi, mawu oti paliponse ndi a m'mafilimu. Abrams amalemera matani oposa 60. Madzi omwe angawoloke popanda zida zapadera ndi ofika pachifuwa cha munthu wamkulu, mita imodzi ndi pang'ono, ndiponso pansi pakhale polimba. Madzi omwe anazinga Makhanga anali a bwato.

Choopsa kuposa madzi ndi dothi lathu la makande. Matcheni amagawa kulemera kwa kasinja pamalo aakulu, n'chifukwa chake amadutsa pomwe lole imatitimira. Koma makande akamwa madzi amaterera ngati sopo. Tcheni limazungulira pamalo amodzi n'kumakumba, mpaka mimba ya kasinja ikhale pansi. Zikatero matcheni alibenso chogwira, ndipo matope amayamwa chitsulocho mwakuti mphamvu yofunika kuchizula imaposa kulemera kwake. Pamafunika galimoto ina yokokera, ya mtundu wa M88, nthawi zina ziwiri. Dalaivala wosazolowera akamva kuti wayamba kutitimira amaponda moto kwambiri, ndipo ndi pomwe amadzikwirira. Choyenera n'kuima, kubwerera mmbuyo pang'onopang'ono m'mapazi ake omwe, osakhota. Ndipo akasinja anayi asamatsatane m'mapazi amodzi: woyamba amadutsa, wachiwiri amafewetsa, wachitatu amatsala pomwepo.

Mchenga wa mumtsinje wa Mwanza m'chilimwe uli ndi msampha wake. Kasinja akakhota mwadzidzidzi, mchenga ndi miyala zimadzaza pakati pa tcheni ndi gudumu la mano lomwe limalikoka kumbuyo, tcheni n'kuvuka. Limavuka msanga ngati linali lolendewera, n'chifukwa chake kulimba kwake kumayezedwa tsiku lililonse, pamodzi ndi magudumu asanu ndi awiri a mbali iliyonse. Kubwezera tcheni ndi ntchito ya anthu onse anayi, ya maola, ndi nyundo ndi mgwala.

Kenako milatho. Asanawolotse, ofesala amayenera kudziwa kulemera komwe mlatho ungapirire, ndipo ngati pali chikaiko amawolotsa mmodzimmodzi, pakatikati, osaponda mabuleki kapena kukhota ali pamwamba. Timilatho tambiri ta m'misewu ya kumidzi sitinamangidwire matani 60.

Pomaliza mafuta. Injini ya Abrams ndi yofanana ndi ya ndege, ya mphamvu za akavalo 1,500, ndipo matanki ake amalowa malita pafupifupi 1,900. Imamwa kwambiri ngakhale kasinja ataima. Imapumanso mpweya wambiri, choncho pa fumbi la chilimwe masefa amatsekeka msanga ndipo mphamvu imatsika. Kumbuyo kwa akasinja kumayenera kutsatira malole a mafuta oyenda pa matayala, omwe msewu ukaduka safika.

Nanga Mmalawi wofuna ntchito yotere ayambire kuti? (Mphunzitsi wa ku Nsanje)

Aphunzitsi, khomo ndi limodzi: kulowa usilikali wa Malawi Defence Force boma likalengeza, n'kudutsa maphunziro a uofesala ku Malawi Armed Forces College, ku Salima. Nthambi yomwe munthu akagwireko amasankha ndi akuluakulu malinga ndi zosowa, ndipo ena amatumizidwa kunja kukawonjezera maphunziro. Magalimoto okutidwa ndi chitsulo omwe asilikali athu amagwiritsa ntchito, monga pa ntchito yosungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, ndi oyenda pa matayala, opepuka, osavuta kusamala. Auzeni ophunzira anu alimbikire masamu, jogalafe ndi Chingerezi, chifukwa mtunda, mapu ndi mauthenga a pa wailesi zimadalira maphunziro atatu amenewa.