Kodi achimwene anu akanatha kuwasiya matumba aja?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapempha kuti ndisatchule dzina lake. Mlongo wawo anagulitsa matumba awiri a feteleza amene banja linasonkherana, ndipo anawatulutsa m'nyumba tsiku limene aliyense anali ku maliro, ndalama zake n'kuthera ku mowa. Atamukhazika pansi akuluakulu, iye anangoti: "Ndi mmene ndinabadwira, bambo athu analinso otero, nanga ine ndikanatani?" Mayiwo akufunsa ngati munthu amasankhadi zochita zake, ndiponso ngati akulakwa pokwiyira munthu amene mwina magazi ake anamusankhira kale njira.

Mayi, achimwene anu sakudziwa kuti akhudza mkangano wakale kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, Pelagius wa ku Britain ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chinthu chimene munthu sangathe kuchita, kotero aliyense ali ndi mphamvu yosankha chabwino. Augustine, bishopu wa ku Hippo, komwe lero ndi ku Algeria, anamutsutsa ponena kuti chifuniro cha munthu chinalumala ndi uchimo, ndipo sichingawongoke popanda chisomo. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitso cha Pelagius mu 418, koma nkhaniyo sinagone: akatswiri a zachipembedzo Erasmus ndi Luther anaitokosanso mu 1524 ndi 1525, kenaka msonkhano wa mipingo ku Dort, m'dziko la Netherlands, unaikambirana kuyambira 1618 mpaka 1619 n'kuima ku mbali ya Augustine, ndipo amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889 anachokera mu mpingo wotsata zimene zinagwirizanidwa kumeneko. Chimene anthu amaiwala n'chakuti ngakhale Augustine, amene anachepetsa kwambiri mphamvu za munthu, sananenepo kuti wochimwa alibe mlandu.

Asayansi anafika pa funso lomweli kudzera njira ina. Mu 1814 Laplace wa ku France analemba kuti patakhala nzeru yodziwa pamene pali kanthu kalikonse m'chilengedwe ndi mphamvu zonse zimene zikukakankha, nzeru imeneyo ingadziwe zam'tsogolo zonse monga ikudziwira zakale. Ngati ubongo nawo ndi chinthu cha m'chilengedwe, ndiye kuti maganizo a lero ndi ana a zimene zinachitika dzulo. Mu 1983 Benjamin Libet anayeza anthu amene anawauza kuti agwedeze dzanja nthawi iliyonse imene afuna, ndipo anapeza kuti ubongo unkayamba kukonzekera pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pamene munthuyo ankazindikira kuti wafuna kugwedeza patangotsala gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ambiri anafulumira kunena kuti ufulu wosankha watha pamenepo. Ine sindivomereza, chifukwa kugwedeza dzanja popanda chifukwa chilichonse n'kosiyana kutalitali ndi kugulitsa feteleza.

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, pakuti yankho lili m'kalata yanu yomwe. Mwanena kuti matumbawo anatuluka tsiku la maliro. Munthu amene wagwidwa ndi khunyu sadikira kuti anthu achoke pakhomo, ndipo amene wakankhidwira mumtsinje sasankha pogwera. Achimwene anu anafunafuna wogula, anakambirana mtengo, anapeza chonyamulira, ndipo koposa zonse anayembekeza mpaka pakhomo pati zii. Akanakhala kuti amalume anu anatsala pakhonde tsiku limenelo, matumbawo akanagona m'nyumba. Zimenezi zikusonyeza kuti zochita zawo zimamva zifukwa, zimasintha zinthu zikasintha, ndipo malinga ndi David Hume wa ku Scotland ndi ena oganiza ngati iye, ufulu umene timafuna poweruzana ndi umenewu. Iwo amati kukhala mfulu sikutanthauza kuti zochita zako zilibe gwero, pakuti chochitika chopanda gwero chingakhale ngozi chabe, osati chosankha chako. Kukhala mfulu ndiko kuchita zimene zachokera m'kulingalira kwako, popanda wina kukugwira dzanja. Malamulo nawo amayenda momwemo: mfundo zimene oweruza a ku England anakhazikitsa mu 1843, pambuyo pa mlandu wa M'Naghten, munthu amene anapha mnzake ali wodwala maganizo, sizifunsa ngati wolakwa anali ndi makolo otani, koma ngati nthenda ya maganizo inamulepheretsa kudziwa chimene ankachita kapena kudziwa kuti n'cholakwa.

Komabe ndingakunamizeni nditanena kuti mawu a achimwene anu ndi bodza lokhalokha. N'zoona kuti uchidakwa umayenda m'mabanja, mbali ina kudzera m'magazi ndipo mbali ina kudzera m'zimene mwana amaona akukula, ndiponso mowa ukakhazikika m'thupi umafooketsa mphamvu yomweyo imene munthu akanaukanira. Harry Frankfurt wa ku America anafotokoza bwino mu 1971 kuti munthu samangofuna zinthu ayi, amathanso kufuna kuti asamazifune. Pali chidakwa chimene chimakondwa ndi ludzu lake, ndipo pali china chimene chimadana nalo ludzulo koma chimagonja. Onse awiri amamwa kachasu yemweyo, koma wachiwiriyo ndi kapolo m'nyumba yake yomwe. N'chifukwa chake ndimaona kuti ufulu si chinthu chimene munthu ali nacho chonse kapena alibiretu. Umakula ndi kuchepa, ndipo mwa munthu mmodzi yemweyo umachuluka m'mawa mutu uli bwino kusiyana ndi madzulo ndalama zili m'thumba, anzake akuitana.

Tsono za mkwiyo wanu. Ngati achimwene akuti sakanachitira mwina chifukwa zonse zinakonzedweratu, ndiye kuti inunso simukanachitira mwina koma kukwiya, ndipo alibe podandaulira; mfundo yawoyo imadula mbali zonse ziwiri. Koma pali chifukwa china chabwino koposa chimenechi. Sitikalipira mvula ikagwetsa chipupa, timakalipira munthu, chifukwa timakhulupirira kuti mawu angamufike, ndipo kudzudzula kwanu kumalowa m'gulu la zinthu zimene zidzaumba zochita zawo za mawa. Tsiku limene mudzasiye kuwakwiyira n'kumangoti "asiyeni, ndi mmene alili," mudzakhala mutawachotsa pa mndandanda wa anthu olankhulika nawo.

Chaka chino feteleza akasungidwe kwa amalume. Achimwenewo mulankhule nawo m'mawa asanalawe kanthu, ndipo m'malo mowafunsa chifukwa chimene anagulitsira, muwafunse ngati iwo eni akufuna kukhala munthu amene anagulitsa matumba aja. Akayankha kuti safuna koma manja amanjenjemera akapanda kumwa, mupite nawo kuchipatala asanayese kusiya okha, chifukwa munthu amene thupi lake linazolowera mowa kwambiri akasiya mwadzidzidzi amatha kukomoka ndi kudwala koopsa.