Za mpweya wa xenon mwafunsa uja, Anti

Anti, mwaswera bwanji ku Chibavi? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mu fiyeta kuyambira m'mawa foni ili mu chikwama. Voisi yanu ija ndaimvera kawiri, mukuti mwaona pa Facebook zoti kunja anthu a vuto la mtima akumawagoneka ndi mpweya wotchedwa xenon, ndiye mukufunsa ngati tingawapemphere Ankolo pa opaleshoni yawo ya hernia Lachinayi. Ndamva ndithu m'mawu mwanu kuti simukugona nazo tulo.

Eeh, zimene mwaonazo si bodza ayi, mpweyawo ulipodi. Ulinso mu mpweya womwe tikupumawu, kungoti ndi wochepetsetsa, mutagawa mpweya magawo 11 miliyoni, xenon ndi kagawo kamodzi basi. Anautulukira ku London mu 1898, William Ramsay ndi mnzake Morris Travers, kenako mu 1951 madokotala awiri ku Iowa ku America, Cullen ndi Gross, anagoneka nawo munthu koyamba n'kumuchita opaleshoni. Ndiye ndi nkhani yakale ndithu.

Ubwino wake ine ndimausirira, ndinene zoona. Mukudziwa Anti, ndikamugoneka munthu ndi mpweya wina wogonekera wotchedwa halothane maso anga sachoka pa monita, ndikangopotokola makina pang'ono kuti agone kwambiri manambala a BP aja amayamba kutsika ndikuwaona, dzanja lina lili pa chibaluni chopumitsira, lina likuthamangitsa diripi. Xenon sachita zimenezo, mtima umangogunda mmene umagundira, BP siigwa kwenikweni. Komanso thupi siliugaya, chiwindi ndi impso sizivutika nawo, umalowa ndi mapapo n'kutulukanso ndi mapapo omwewo, ndiye ukangotseka munthu amadzuka msanga msanga mutu uli bwino. Mu ubongo umakagwira malo omwe aja amagwira ketamine, mankhwala ogonekera amene timagwiritsa ntchito kuno tsiku ndi tsiku.

Koma mtengo wake, mayo ine. Kuti munthu agone tulo ta opaleshoni, mpweya umene akupumawo pafupifupi 70 peresenti ukhale xenon, wotsalawo ndiye oxygen, tsono ganizirani kachinthu kosowa chonchi, kamene amachita kukapatula m'mafakitale akuluakulu poziziritsa mpweya mpaka usanduke madzi, ndiye munthu azipuma kwa ola lathunthu. Pamafunikanso makina apadera obweza mpweya womwewo kuti usatayike. Ngakhale ku Germany kumene anauvomereza mu 2005 zipatala zambiri siziugwiritsa ntchito, ine zaka zonsezi sindinauonepo ndi maso anga. Ulinso ndi zovuta zake, anthu ambiri amachita nseru ndi kusanza akadzuka, ndipo munthu wa mapapo ofooka amene akufuna oxygen wambiri suyenerana naye, poti malo a oxygen atsala ochepa.

Ndiye za xenon zichotseni mumtima, Ankolo saluza kanthu. Hernia ngati yawoyo kawirikawiri sitigoneka n'komwe, timabaya jakisoni wa pamsana, amakhala chowerama atakumbatira pilo, pakapita mphindi zochepa miyendo yalemera, dzanzi kuyambira pamimba kutsika, iwo ali maso tikucheza nawo kuseri kwa nsalu. Amene adzawagoneke ndi amene adzasankhe akawayeza, ineyo sindidzawagwira poti ndi achibale, koma ndidzakhala pafupi.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi, mwamva? Mutenge mankhwala onse amene akumwa m'mapaketi mwake, a BP, asipirini, ngakhale a zitsamba aja amabisa kuseri kwa kabati, mukawaonetse onse osachita manyazi, makamaka ngati pali ena ochepetsa kuundana kwa magazi chifukwa amenewo ndi jakisoni wa pamsana sizigwirizana. Akakuuzani a kumwa ndi a kusiya. Ndipo akanena kuti asadye, asadyedi, osawamvera chisoni ndi kaphala m'mawa, chifukwa zikasintha n'kufunika kuwagoneka, zam'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo, zimenezo ndiye zimatiopsa ife.

Mawa ndikaweruka ndidutsa kumeneko cha m'ma 5 koloko tidzaone limodzi buku lawo la kuchipatala. Muwakonzere bulangeti lokhuthala lija, kuwodi kumazizira m'bandakucha. Muwapatse moni Ankolo, yewo.