Yankho kwa amalume pa za gudumu la pachitsime

Amalume, ndamva funso lanu lija lakuti mwamangirira gudumu la chingwe, limene amisiri amati pulley, pamtanda wa pachitsime, koma ndowa ikulemerabe monga kale, ndiye mukuganiza kuti wogulitsayo anakupusitsani. Sanakupusitseni ayi. Gudumu limodzi lokhazikika pamtanda silichepetsa kulemera kwa katundu. Ntchito yake ndi kutembenuza mbali yokokera, kuti m'malo mowerama n'kumakoka chokweza, muzikoka chotsitsa mothandizidwa ndi kulemera kwa thupi lanu, msana n'kupumako.

Madzi a malita 20 amalemera makilogalamu 20. Kuti ndowa ipepuke, pezani gudumu lachiwiri loyenda limodzi ndi ndowayo. Mumange nsonga ya chingwe pamtanda, chingwecho chitsike kukazungulira gudumu la pandowa, chikwere kukadutsa pa lapamwamba lija, kenako chifike m'manja mwanu. Pamenepo ndowa idzalendewera pa mizere iwiri ya chingwe, uliwonse ukusenza theka, ndipo inu mudzakoka ngati makilogalamu 10 okha. Kuchulukitsa mphamvu kumeneku ndi kumene ana asukulu amakutcha mechanical advantage, ndipo amakupeza pogawa kulemera kwa katundu ndi mphamvu imene munthu wakokera.

Koma ntchito yake siichepa. Ngati chitsime chanu ndi chakuya mamita 10, mudzakoka chingwe cha mamita 20 kuti ndowa ituluke, choncho chingwe chimene muli nachocho chidzaperewera.

Ndinenenso kuti makilogalamu 10 amenewa ndi a papepala chabe. Gudumu limakhulana ndi chitsulo chimene limazungulirapo, chingwe chimalimba popindika, komanso ndowa ndi gudumu lapansi zili ndi kulemera kwake, ndipo zonsezi zimadya mphamvu yanu osakweza madzi ngakhale dontho limodzi. Tiyerekeze kuti mukukoka ngati makilogalamu 12.5: kugawa 20 ndi 12.5 kukupereka 1.6 m'malo mwa 2 amene timapeza pogawa 20 ndi 10, kutanthauza kuti pa magawo 100 alionse a mphamvu yanu, 80 ndiwo akukweza madzi. Imeneyi ndiyo efficiency. Ndaonapo anthu akuwonjezera magudumu ambiri poganiza kuti ndowa izingopepukirabe, koma lililonse limabwera ndi kukhulana kwake, ndipo kwa ndowa imodzi awiri ndi okwanira.

Gudumu lapansilo likhale lopepuka, chingwe chikwane bwino mumpata wake, ndipo girisi muzipaka pachitsulo chapakati pokha, pang'ono chabe, kuti asadonthere m'madzi akumwa.