Za geni ya pa Muloza, kuyankha achemwali aja

Achemwali mwafunsa kuti geni yokaoda katundu ku Milange, ku Mozambique, imayenda bwanji, komanso ngati mutenge ngongole kuti muyambe ndi mpamba waukulu. Kuwoloka kokhako sikovuta. Pa boda ya Muloza mumatenga boda pasi, kusintha makwacha kukhala metikali, kabaza mpaka m'tauni, kuoda, pobwera kuonetsa katundu kwa a MRA n'kulipira msonkho. Lisiti osataya. Ena akuuzani za STR, ndondomeko yopepukitsa msonkho kwa a geni zazing'ono zowoloka malire, ya bungwe la maiko lazamalonda la COMESA, koma Mozambique sili mu COMESA, zimenezo n'za anzathu a ku Mchinji, kumalire ndi Zambia.

Chotidwalitsa mutu ndi kwacha. Mu November 2023 ndinali nditagulitsa zitenje ndi mafuta ophikira zonse pa Limbuli, ndalama ili phee m'chikwama ndikuti ndipumeko sabata imodzi, tangomva pa wailesi kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, pomwe mu May 2022 inali itagwa kale ndi 25, ndiye kupita kukaoda ndalama yomwe ija makatoni anabwera ochepa zomvetsa chisoni, phindu lonse linathera m'chikwama momwemo osadyako ndi kobiri lomwe. Chichokereni tsikulo ndalama sindigona nayo, ndagulitsa lero mawa ndaoda. Njerwa za shopu yomwe ndinkati ndimange zamera udzu, nanga ndani angakwirire ndalama mu simenti asakudziwa kuti metikali mawa idzuka pa bwanji?

Ngongole ndiye ine ndikuti dikirani kaye. Banki imafuna chikole, ndipo Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu 2024 mabanki amaonjezanso chawo pamwamba, geni ya zitenje singabweze zimenezo. Banki m'khonde ndi yabwinoko koma mwezi ukatha amafuna zawo basi. Katapila musayerekeze n'komwe. Ngongole siimva zoti njira yatsekeka. Namondwe Freddy atakokolola milatho mu March 2023 tinakhala manja lende, zionetsero za ku Mozambique zitabuka pambuyo pa zisankho za October 2024 ambiri tinaopa kuwoloka, koma okongoza ankangogogodabe pakhomo, ena mpaka kulandidwa malata.

Yambani ndi kangachepe komwe muli nako, katundu wothamanga, osati wokhalitsa pa benchi. Ine ndiwoloka sabata yamawa, mubwere tipitire limodzi mukaone kaye mitengo, chitupa osaiwala.