Mafunso pa Chichewa: mawu otchulira anthu ogontha ndi maganizo obisala m'mawuwo

Mphunzitsi wina wa sukulu ya pulayimale ku Ulónguè, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, walemba kuti: "M'kalasi mwanga muli mtsikana amene makutu ake sagwira ntchito. Ndikauza aphunzitsi anzanga kuti ndili ndi mwana wosamva, iwo amayesa kuti ndikudandaula za mwano. Kodi mawu oyenera ndi ati?"

Aphunzitsi, anzanuwo sakulakwitsa Chichewa, pakuti mneni wakuti kumva amasenza katundu wambiri m'chiyankhulo chathu. Timamva mawu, timamva ululu, timamva fungo la ndiwo zikamapserera, ndipo munthu akatifotokozera nkhani ife n'kuyankha kuti "ndamva", timatanthauza kuti nkhaniyo yalowa m'mutu. Kuchokera pa tsinde lomwelo timapeza kumvera ndi kumvetsa. Choncho mawu akuti wosamva, akaima okha, makutu a Mchewa amathamangira kwa mwana wamwano, uja wa m'mwambi amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Vuto lake ndi lakuti matanthauzo amenewa amapatsirana: munthu amene samva ndi makutu timayamba kumuona ngati samvetsa zinthu, kapena ngati amakana dala kumvera, ndipo ana ambiri otere akwapulidwapo chifukwa chosatembenuka poitanidwa.

Pofuna kulankhula momveka, nenani kuti mwana wogontha, kapena mwana amene samva ndi makutu. Amene amamvako pang'ono timati ali ndi vuto la kumva, kapena amamva movutikira, ndipo kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa ogontha onse sali pa mlingo umodzi. Dzina lakuti gonthi, ambiri agonthi, ndi Chichewa chakale ndithu, koma limaluma likalowa m'malo mwa dzina la munthu, monga zimachitikira m'midzi kuti mwana amakula anthu akungomutcha "gonthi wa kwa uje" mpaka dzina lake lenileni n'kuiwalika. Kunena kuti chigonthi kapena kagonthi ndiye kutukwana kwenikweni, chifukwa chi- ndi ka- pamenepo zamuchotsa munthuyo m'gulu la anthu.

Za nzeru za mtsikanayo musakayike. Ana ogontha oposa 90 mwa 100 aliwonse amabadwa kwa makolo akumva, amene nthawi zambiri sadziwa chiyankhulo chamanja, kotero mwanayo amatha zaka zake zoyambirira, zimene ubongo umagwira msanga chiyankhulo, asanalandire chiyankhulo chilichonse chokwanira. Akafika kusukulu amakumananso ndi Chipwitikizi cholembedwa pabolodi, chimene sanachimvepo n'kamodzi komwe. Akamatsalira m'mbuyo, chimene chinachedwa ndi chiyankhulo, osati mutu wake.

Mayi wina wa ku Tsangano akufunsa ngati mawu akuti bububu ndi akuti wogontha ali amodzi, popeza ngakhale m'Chipwitikizi anthu amaphatikiza n'kumati surdo-mudo, kutanthauza wogontha ndi wosalankhula.

Amayi, si amodzi, ndipo ndikupemphani kuti mawu akuti bububu muwasiyiretu, chifukwa anapangidwa potsanzira monyoza kamvekedwe ka mawu a munthuyo. Anthu ambiri ogontha kholingo lawo ndi lilime lawo n'zabwinobwino: amaseka, amalira mokweza, amakuwa akaona ngozi. Chimene chimavuta ndi chakuti munthu amaphunzira kutchula mawu pomva anzake ndiponso podzimva yekha. Amene anagontha atakula, kaya chifukwa cha matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, chikuku, mafinya osatha a m'khutu, mankhwala ena amphamvu monga kwinini, kapena phokoso la makina la zaka zambiri, kawirikawiri amapitiriza kulankhula monga kale. Amenewa amakumana ndi chipongwe china: anthu akawamva akulankhula bwino amati akunamizira kugontha. Kutchula matendawa kukuyankhanso amene amati mwana wogontha anachita kulodzedwa, kapena kuti bambo ake anamukhwimira kuti chigayo chiziyenda. Magulu a anthu ogontha a m'maiko olankhula Chipwitikizi nawonso amakana mawu akuti surdo-mudo, ndipo bungwe lawo la kuno limangodzitcha Associação dos Surdos de Moçambique, mwachidule ASUMO.

Funso lachitatu lachokera kwa mnyamata wa ku Moatize: "Kodi chiyankhulo chamanja ndi Chichewa kapena Chipwitikizi chimene achiika pa zala? Nanga popeza manja ndi ofanana kulikonse, si chimodzi padziko lonse?"

Mayankho onse awiri ndi ayi, achimwene. Chiyankhulo chamanja chili ndi mawu akeake ndi malamulo akeake a kaumbidwe ka ziganizo, ndipo sichitsata ndondomeko ya mawu a Chichewa kapena ya Chipwitikizi. Chizindikiro chilichonse chimadalira mmene dzanja lapindikira, malo amene laikidwa, kumene chikhatho chaloza ndi mmene dzanjalo likuyendera, ndipo kusintha chimodzi mwa izi kumasintha tanthauzo. Nkhope nayo imagwira ntchito ya galamala: nsidze zikakwera, chiganizo chimatha kusanduka funso, ndipo kupukusa mutu kumagwira ntchito imene si- ndi -sa- amagwira kwa ife. Anthu osadziwa akaona nkhope ikusinthasintha chotere amagamula kuti ogontha ndi anthu aukali, pamene munthuyo akungofunsa mtengo wa mbatata. Katswiri wa ziyankhulo wa ku America, William Stokoe, ndi amene anaonetsa m'chaka cha 1960 kuti zizindikiro zimagawika m'tizigawo monga mmene mawu apakamwa amagawikira. Izi zinachitika patapita zaka 80 chichitikire msonkhano wa aphunzitsi wa ku Milan wa 1880, umene unagamula kuti ana ogontha aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, chigamulo chimene chinachititsa kuti m'sukulu zambiri ana azilangidwa akapezeka akulankhula ndi manja.

Ziyankhulo zamanja zilipo zambiri, chifukwa zimamera paliponse pamene ogontha asonkhana. Ku Nicaragua, ana amene anawasonkhanitsa m'sukulu za mumzinda wa Managua kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anadzipangira okha chiyankhulo chatsopano. A ku Britain ndi a ku America, ngakhale maiko awo amalankhula Chingerezi, ali ndi ziyankhulo zamanja zosiyana kotheratu. Chathu kuno ndi Língua de Sinais de Moçambique, chimene chimaphunzitsidwa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo ndime 125 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imalamula boma kukonza njira zoti chiyankhulochi chiziphunziridwa ndi kukula. Kwa ife a m'malire nkhaniyi ili pakhomo penipeni: Mchewa wa ku Calómuè ndi Mchewa wa ku Dedza amamvana popanda womasulira, koma mwana amene anaphunzira kusukulu ya ogontha ya ku Mua ali ndi chiyankhulo chamanja cha ku Malawi, chimene si chimodzi ndi cha ku Mozambique. Palinso zizindikiro zimene banja limapangana lokha, zoloza madzi, nsima ndi kumunda. Zimenezo zimathandiza pakhomo, koma sizikwanira kufotokozera mlandu pabwalo la mfumu kapena matenda kwa dokotala. Polemba, chiyankhulo chamanja ndi chinenero chamanja zonse n'zolondola, pamene kukodola ndi kuloza n'zimene tonse timachita.

Wogulitsa m'sitolo wina wa ku Furancungo akuti iye amakweza mawu ndi kuyasamula kwambiri kuti kasitomala wake wogontha awerenge milomo, koma sizithandiza.

Bambo, imani pagalasi ndipo mutchule mawu awa osatulutsa liwu: phala, pala, bala, mbala. Milomo ikutsekeka ndi kutseguka mofanana pa onse anayi, chifukwa chimene chimawasiyanitsa ndi mpweya, mphuno ndi kholingo, zimene diso silifikako. Onjezani kuti Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo muona kuti wowerenga milomo amachita kulumikiza zidutswa mongoganizira, ntchito yotopetsa imene imavuta kwambiri wolankhulayo akakhala kumdima, akamatafuna chimanga kapena akatembenukira ku mashelefu. Kukuwa kumapotoza milomo n'kuipangitsa kuti isawerengeke, ndiponso kumaitana maso a anthu onse a pamsika. Yang'anani kasitomalayo kumaso pamalo owala, lankhulani mwachibadwa, onetsani katunduyo, ndipo mtengo muulembe papepala kapena pa foni. Pofuna kumuitana, mugwireni pang'ono paphewa kapena gwedezani dzanja pamene akuona, osati kumugenda ndi kamwala monga ena amachitira. Akabwera ndi womasulira kapena mbale wake, musanene kuti "mumufunse akufuna zingati". Lankhulani kwa mwiniwakeyo, ndi ulemu umene mumapereka kwa wamkulu aliyense: "Mukufuna zingati, bambo?"