Aphungu akudandaula za ndale m'maulaliki, koma adayamba ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati aphungu akulondola podzudzula abusa ndi ansembe olowetsa ndale mu ulaliki. Ine ndikuti akulondola mbali imodzi yokha, ndipo ife a ku Zomba funsoli lisamatizunguze mutu.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodandaula za malipiro ochepa, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, komanso anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali konkuno, ndende ya Mikuyu ili m'boma lathu lomwe lino, koma aphungu anali duu, osafunsa za anthu amene ankavutikira m'menemo. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche, mmodzi mwa amene anasaina kalatayo, anapitikitsidwa m'dziko muno. Ophunzira a pa Chancellor College anayenda mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopiwo. Zimenezi ndi zomwe zinatifikitsa pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Mipando akhalapo aphungu a zipani zosiyanasiyana leroyi inabwera chifukwa atsogoleri a mipingo anayankhula pomwe andale ankaopa. Mu 2002 mipingo yomweyo inakananso zosintha malamulo kuti pulezidenti aziimanso akatha matemu awiri.

Ndiye mbusa akanena za kukwera mtengo kwa feteleza, kusowa kwa mankhwala kapena katangale, ameneyo ali pa ntchito yake. Nkhosa zake n'zomwe zikugona ndi njala.

Pomwe ndikugwirizana ndi aphungu ndi apa: mlaliki asaime pa guwa n'kumatiuza chipani choti tivotere. Pa benchi imodzi pamakhala anthu a zipani zitatu, onse oyimba nyimbo imodzi. Ukatchula dzina la woimira chisankho, wawagawa, ndipo Lachinayi amayi ku msonkhano wawo sapatsananso moni bwino. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Koma anazoloweretsa mipingo khalidweli ndani? Chisankho chikayandikira timawaona. Amafika mapemphero ali pakati, kwaya n'kudukiza nyimbo, akulu a mpingo n'kuwatsogolera ku mpando wa kutsogolo. Amatulutsa envulopu, amalonjeza matumba a simenti ndi malata, kenaka amapatsidwa maikolofoni kuti apereke moni, moniwo n'kusanduka kampeni. Pa maliro ndiye musanene, thupi lili pomwepo iwo akuwerenga milatho yomwe amanga. Pamenepo sitimva phungu akudandaula kuti ndale zalowa m'tchalitchi. Dandaulo limabwera ulaliki ukakhudza mbali yawo.

Kuletsa ndi lamulo sikungatheke, poti gawo 33 ndi 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo ndi woyankhula. Okonza zinthu ndi ife eni mipingo ndi mizikiti. Tikambirane ndi akulu athu kuti phungu akabwera azikhala pa benchi ngati wina aliyense, chopereka chake aponye m'mbale mosalengeza, ndipo maikolofoni asamapatsidwe.