Kodi zitsamba za agogo ndi sukulunso?

Funso: Zikomo akulu. Ine ndili fomu 4 kuno ku Nkhotakota, agogo anga amadziwa mitengo yambiri heve, muwawani wa m'mimba, ina ya chifuwa, ndiye aphunzitsi akuti zimenezi anthu amaphunzira ku yunivesite, akuti ethnobotany. Anzanga akundiseka eti ndikufuna kukhala sing'anga. Zinayamba bwanji zimenezi?
Mtsikana wa kwa Malengachanzi

Yankho: Achemwali, aphunzitsi anu sananame ayi. Ethnobotany ndi maphunziro a mmene anthu amadziwira ndi kugwiritsira ntchito zomera. Dzinalo analiyambitsa ndi John Harshberger wa ku America mu 1895, ndipo poyamba ntchito yake inali kungolemba mndandanda basi, mtengo uwu anthu awa amadya, uwu amapangira mankhwala. Ethnobiology inadzamveka cha m'ma 1935 ndi Edward Castetter, iyo imatenga ndi nyama zomwe, ndiye msodzi wa pa Chia amene amasiyanitsa utaka, mcheni ndi chambo, kapena kudziwa nthawi imene mpasa imakwera mu Bua, alinso momwemo.

Zinthu zinasintha mu 1954 pamene Harold Conklin anafufuza anthu a Hanunoo ku Philippines nkupeza kuti ali ndi mayina a zomera oposa 1,600, ndiye ophunzira anayamba kufunsa kuti eni ake amazigawa bwanji m'magulu zomerazi, osati kungofunsa kuti ntchito yake nchiyani.

Koma ine chimandiwawa ndi nkhani ya kombe. Alenje a ku chigwa cha Shire ankapaka kombe, ululu wochokera ku njere za chomera china choyanga, ku mivi kuti nyama igwe msanga, John Kirk amene anali pa ulendo wa Livingstone anaona kuti ululu umenewu umagwira mtima, anatumiza kwawo, kenako Thomas Fraser ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Kirk ndi Fraser ali m'mabuku mpaka lero koma alenje aja palibe amene analemba dzina la ngakhale mmodzi. Chifukwa cha nkhani ngati zimenezi, mu 1988 akatswiri atakumana ku Belém ku Brazil anagwirizana kuti eni nzeru azipindula nawo, ndipo mu 2010 mayiko anapanga pangano la Nagoya lokhudza kupempha chilolezo ndi kugawana phindu.

Kwanu komweko kuli mbiri yake. Kafukufuku wa zakudya amene anayamba mu 1938 anachitikira m'boma la Kota Kota, lomwe pano ndi Nkhotakota, ndipo mayi Jessie Williamson amene anali nawo anadzalemba Useful Plants of Nyasaland mu 1955, zambiri mmenemo anauzidwa ndi anthu a m'midzi ngati agogo anuwo. Pano zitsanzo za zomera zimasungidwa ku National Herbarium ku Zomba.

Ndiye limbikirani Biology, komanso gulani kope, mukhale pansi ndi agogo, mulembe dzina la mtengo mmene amatchulira iwowo, komwe umamera, ngati amatenga muzu kapena khungwa, ndipo muyambe mwawapempha kaye chifukwa zina sangalole kuti zituluke m'banja. Pamwamba pa tsamba lililonse mulembepo dzina lawo. Chonde osamalawa zimene mukulembazo, mitengo ina ngati mwabvi imapha.